Pansi pa Mtengo wa Mango Pali Mmisiri

Pa Kaphatenga, pamene msewu wochokera ku Lilongwe umakumana ndi M5, njinga zimachuluka kuposa galimoto. Dzuwa lisanakwere anthu amakhala atayamba kale kupalasa. Uyu wasanja matumba a makala mpaka mwini wake osaoneka, uyo wamanga mtolo wa nzimbe wopingasa theka la msewu, wina dengu la usipa, ndipo anyamata a kabaza aimika njinga zawo pamzere, makushoni atawapukuta bwino. Kuchokera pamenepa msewu umaloza kumpoto motsata nyanja, ngakhale nyanjayo imabisala kwa nthawi yaitali, mpaka kukafika ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Ndinaupalasa m'nyengo ya mwera, mphepo ikundikankha kumsana. Wofuna kuuyesa asankhe miyezi yomweyo, pakati pa Juni ndi Ogasiti, ndipo azilowera kumpoto.

Njinga yanga ndi yachitsulo, ya magiya, ya matayala a saizi 26, mwa zija zimabwera m'makontena zitatumikira kale eni ake kunja. Ndinaisankha dala. Palibe amene anganyamule njinga yachiwiri m'chikwama, choncho funso lofunika musananyamuke ndi lakuti: chitsulo ichi chikathyokera pa Khombedza, alipo amene angachizindikire? Chimene chimapezeka pamsika uliwonse mukhoza kuchisiya. Chimene chili cha njinga yanu yokha, chimenecho ndiye chisachoke m'thumba. M'kathumba kanga munali machubu awiri, zigamba, timachubu ta sulushoni tosatsegula, pampu, tizitsulo totulutsira tayala, masipanala a 8, 10 ndi 15, makiyi a Allen a 4, 5 ndi 6, kodulira tcheni ndi kokungira masipoko. Masipoko apadera ndinawamangirira ku felemu ndi tepi kuti asapindike. Zina zing'onozing'ono ndizitchula pamene zinafunikira.

Kuchoka pa Kaphatenga dziko ndi lathyathyathya. Milambe yaima patalipatali m'minda ya thonje ndi m'mapesi a chimanga chokolola kale. Msewu ndi wopapatiza, ndipo m'malo ambiri phula la m'mphepete linadyeka. Lole ikamabwera, hutala ili pii, wa njinga alibe kuchitira mwina koma kutsikira m'fumbi. Matayala amavulalira pamenepo. Potsika, mkombero umamenya mphepete ya phula; m'fumbimo muli minga, magalasi a mabotolo ndi tiwaya tochokera m'matayala a malole amene anaphulika. Tiwayato ndimatiopa kuposa minga. Munga umauona n'kuuzula, koma kawaya kamabisala m'mphira, kakuboola chubu pang'onopang'ono, ndipo ukamata osakapeza umamatanso usanapite patali.

Nditadutsa Thavite tayala lakumbuyo linayamba kufewa. Zomatira ndinali nazo, koma patsogolo panali timagolosale, ndipo panthambi ya mango panalendewera tayala lakale. Aliyense wa njinga amachidziwa chikwangwani chimenechi. Pansi pa mtengowo panali benchi, bokosi lamatabwa la zida, beseni la madzi odera, pampu yaikulu yopondera pansi, chitsulo cholemera cha galimoto chosulirapo, nyundo, chitini cha girisi, ndi chitini china chodzaza manati, mabawuti ndi mawasha amene anachotsedwa ku njinga zakufa. Njinga ziwiri zinali chagada kudikira nthawi yawo.

"Mwaswera bwanji amisiri?"

"Taswera bwino achimwene, kaya inu. Yatani?"

"Laphwa lakumbuyo."

Sanamasule wilo. Anagoneka njinga, natsegula tayala mbali imodzi, nasolola chubu ngati mmene amachitira ndi njinga zonyamula katundu, zimene kumasula wilo lakumbuyo ndi ntchito ina payokha. Anapopa, naviika chubu m'beseni gawo ndi gawo mpaka timathovu tinatuluka. Anapukuta, nabaya kamtengo pabowo kuti pasasowe, nayamba kukhula ndi msasa. Kukhulako kumachotsa khungu losalala limene chubu chimatuluka nalo ku fakitale, ndipo pakhungu limenelo palibe chimene chingagwire. Kenako anapaka sulushoni ndi chala, wochepa kwambiri, pachubu ndi pachigamba chimene anadula ku chubu chakale. Atatero anazisiya, nayamba kucheza ndi wa kabaza. Apa ndi pamene ambiri ofulumira amalephera. Sulushoni ndi mphira wosungunulidwa m'mankhwala ouluka, ndipo mankhwalawo ayenera kuuluka kaye. Chigamba choika pali ponyowa chimamatuka tayala likatentha. Pataumika, anachiika, nachimenya ndi nyundo pachitsulo chija, kuyambira pakati kupita m'mbali. Asanabwezere chubu anayendetsa zala m'kati mwa tayala lonse, naima, natenga pulayazi. Kawaya kake kanali kochepa moti pachikhatho pake ndinachita kukayang'anitsitsa.

Bowo limanena lokha chimene chalibweretsa, ukadziwa kuliwerenga. Mabowo awiri oyandikana amasonyeza kuti mpweya unali wochepa, chubu chinapanikizika pakati pa mkombero ndi mwala. Bowo la mbali ya m'kati limachokera ku mutu wa sipoko, kutanthauza kuti lamba wophimba mkombero watha kapena wasuntha. Chubu chikang'ambika patsinde pa vavu, chigamba sichithandiza. Chifukwa cha bowo lotere, komanso chifukwa cha dzuwa la kunyanja, machubu awiri aja ndi oyenera kulemera kwawo: masana umangosintha, n'kudzamata madzulo pamthunzi. Sulushoni naye akatsegulidwa sachedwa kuuma m'chikwama chotentha. Timachubu ting'onoting'ono tingapo timaposa chimodzi chachikulu.

Ndalama imene anatchula inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito imene anagwira. Ndaonapo anthu ovala bwino akunenerera mtengo kwa amisiri otere, ndipo zimandipweteka. Munthu ameneyu ndiye amachititsa kuti mpunga ufike pamsika, wodwala afike kuchipatala, mwana wa sekondale asachedwe m'kalasi. Alibe denga, alibe malipiro a pamwezi, ndipo zida zake zambiri anasula yekha. Wapaulendo amulipire zimene wanena, ndipo ngati ali ndi kachubu ka sulushoni kapadera amusiyire. Ndalama zing'onozing'ono zikhale m'thumba, chifukwa pansi pa mango chenji chimavuta ndipo netiweki ya foni siikhala yodalirika paliponse.

Kupitirira Benga mpweya umayamba kununkhira nyanja. Pa mlatho wa Chia, pamene thamanda la Chia limalumikizana ndi nyanja, ogulitsa nsomba amakweza chambo m'mwamba galimoto iliyonse ikamadutsa. Ndinatsikira kumchenga kukasamba kumaso, ndipo nditabwerera pamsewu tcheni linali likulira. Mchenga wa kunyanja ndi mdani wa tcheni. Ukasakanikirana ndi mafuta umasanduka msasa umene umadya mapini ndi mano a magiya. Mankhwala ake ndi kansanza: kupukuta madzulo aliwonse, kudontheza oyilo pang'ono, kuzungulitsa, n'kupukutanso mpaka kunja kuume. Ambiri kuno amathira oyilo wakuda wochokera m'injini chifukwa ndi wosavuta kupeza. Amathandiza tsiku lovuta, koma amabwera ndi zinyalala zake. Girisi patcheni ayi, amangoitana mchenga. Kabotolo ka oyilo woyera wa injini kamakwanira ulendo wonse.

Nkhotakota ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Salima. Ndi tauni yakale ya apaulendo, ndipo ena mwa maulendowo anali owawa: kuno n'kumene a Jumbe ankaolotsera akapolo ndi minyanga kutsidya la nyanja, ndipo mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 anthu amakusonyezabe. Ine ndinalunjika ku mashopu a zipangizo, pakuti wofuna kudziwa njinga yoyenera msewu uno ayenera kuona zimene zapachikidwa m'menemo.

Pakhomo pali matayala atsopano okulungidwa m'mapepala onyezimira. M'kati, kudenga kwalendewera mikombero, mahandulo ndi mafoloko. Pashelefu pali machubu m'makatoni, masipoko m'mitolo yomanga ndi mphira, matcheni, mafiliwiro, mapedulo, zishalo za masipuling'i, mabelu, ndodo za mabuleki ndi mphira zake. Pakauntala, m'mabotolo, muli makotapini, ma ekiselo, manati, ndi mabelingi amene amagulitsidwa m'timapepala. Pafupifupi zonsezi ndi za njinga yamtundu umodzi, yakuda yopanda magiya ija, ya Hero kapena Avon ya ku India, kapena Phoenix ya ku China, zimene zinatengera maonekedwe a Raleigh ndi Humber za ku England zimene agogo athu ankanyadira. Pambali pake pali zipangizo za njinga za saizi 26, zimene zachuluka chifukwa cha njinga zobwera m'makontena komanso Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene kaliyala wake anamupangira kunyamula makilogalamu 100. Wokwera njinga ya mitundu iwiriyi ali kwawo m'shopu iliyonse kuyambira ku Salima mpaka ku Karonga.

Kunja kwa shopu ina ndinapeza mlendo wa ku Ulaya, njinga yake ili chagada, zikwama zili mbwee pansi, ana atamuzungulira. Tayala lake lakumbuyo linang'ambika m'mbali. Pa tayalalo panalembedwa 28, iye anagula latsopano lolembedwanso 28, koma linkangogwedera pamkombero osagwira. Wogulitsa sanamunamize, iyenso sanawerenge molakwa. Matayala awiri osiyana amatchedwa 28. La njinga zathu zakuda, 28 x 1½, limakwana mkombero wa mamilimita 635. La njinga zambiri za ku Ulaya, limene amalitchanso 700C, ndi la mamilimita 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 okha, koma palibe nyundo imene ingakuthetse. Nambala yodalirika ndi ija imalembedwa m'mbali mwa tayala motere: 40-635, 37-622, 50-559. Yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa mkombero. Saizi 26 ya njinga ngati yanga ndi 559, ndipo 27.5 imene yatchuka masiku ano ndi 584, imene m'mashopu a m'mphepete mwa nyanja sindinaione.

Mmisiri wapafupi ndiye anamuwombola. Anadula chidutswa cha tayala lakale, nachotsa waya wa m'mphepete, nachiika m'kati mwa pong'ambikapo, nasoka ndi singano yosokera nsapato. Kenako anasinthanitsa matayala: losokalo analipititsa kutsogolo kumene katundu ndi wopepuka, labwino analibweretsa kumbuyo. Tayala lotere limadumpha pang'ono pozungulira, koma limakufikitsa ku tauni yaikulu. Wa njinga ya 622 kapena 584 anyamule tayala limodzi lopindika pansi pa chikwama, ngakhale litenge malo a malaya awiri.

Vavu nayo ili ndi nkhani yake. Machubu a njinga zakuda amakhala ndi vavu ya Woods, ena amati Dunlop, ija ili ndi kamphira kosinthika m'kati. Ena ali ndi Schrader, yofanana ndi ya galimoto, imene ungapopetse ngakhale pamalo omwetsera mafuta. Ziwirizi zimalowa m'bowo limodzi la mkombero. Yachitatu, Presta, ndi yowonda, ndipo mkombero wobooledwa kuti ukwane Presta sulola zinazo. Mlendo uja anali ndi Presta. Kanati kamkuwa kosinthira Presta kuti ipopedwe ndi pampu ya Schrader n'kochepa ngati nsonga ya chala, ndipo ambiri odziwa maulendo amakulitsiratu bowo la mkombero asanachoke kwawo kuti chubu chilichonse cha pamsika chizilowa.

Alendo ena amadutsa dziko lino mosavutika chotere. Chiyambire 2003, ulendo wa Tour d'Afrique wochokera ku Cairo kupita ku Cape Town wakhala ukulowa m'Malawi pa Songwe, kudzera ku Karonga, Chitimba, Mzuzu ndi Lilongwe, n'kutulukira ku Mchinji. Iwo amatsatidwa ndi malole okhala ndi chakudya, zipangizo ndi amakaniko. Woyenda yekha alibe zimenezo, ndipo nzeru yake ikhale yopanga njinga kuti igwirizane ndi manja amene adzaikonze.

Chitsanzo chabwino ndi mabelingi. Habu yamtundu wakale imatseguka ndi masipanala, ndipo m'kati mwake muli timipira tachitsulo timene timagulitsidwa paliponse: ta 1/4 inchi kumbuyo, kawirikawiri 9 mbali iliyonse, ndi ta 3/16 kutsogolo, 10 mbali iliyonse. Ndinaimirira kuonerera mnyamata wophunzira ntchito akutsuka habu ya kabaza ndi parafini, akupaka girisi, akusanja timipira kamodzikamodzi, mbuye wake akumuuza kuti amange mpaka wilo lisagwedere koma lizizungulira lokha. Njinga zamakono zambiri zili ndi mabelingi otsekedwa ku fakitale. Amakhalitsa, sindikana, koma tsiku limene atha, amafuna ena a nambala yomweyo, ndipo nambalayo pa Nkhotakota simuipeza msanga.

Kumpoto kwa tauniyi msewu umaoloka Bua, mtsinje wotsika kuchokera m'nkhalango ya Nkhotakota. Nkhalangoyi ikuyang'aniridwa ndi African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 munasamutsidwira njovu zokwana pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Wofuna kukhotera ku Kasungu pamsewu wa M18, umene umadutsa m'kati mwake, afunse kaye kwa alonda, ndipo adziwe kuti m'menemo mulibe mudzi, mulibe benchi, mulibe beseni. M'malo otere munthu amadalira zimene wanyamula ndi zimene manja ake amadziwa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti chida chilichonse cha m'thumba muchiyese pakhomo musananyamuke. Kodulira tcheni kamene simunakagwirepo sikadzakuphunzitsani tsiku limene dzuwa likulowa.

Ndikuyandikira Dwangwa ndinamva kuti twa! kumbuyo, ndipo mkombero unayamba kukhudza mphira ya buleki pa kuzungulira kulikonse. Sipoko inali itaduka. Masipoko amaduka kawirikawiri ku wilo lakumbuyo, mbali ya tcheni, pachigongono pamene amakolekera ku habu. Wilo limenelo ndilo limasenza munthu ndi katundu, ndipo mbali ya tcheni masipoko amakungika kwambiri chifukwa magiya amatenga malo. Imodzi ikaduka zinzake zimalandira katundu wake, ndipo ukapitiriza osasamala zimatsatana. Ndinakulunga yodukayo ku inzake kuti isakole, ndinamasula buleki pang'ono, n'kupalasa mofatsa mpaka pamtengo wotsatira.

Vuto la sipoko ya mbali imeneyo ndi lakuti magiya amatseka bowo lake. Filiwiro ya njinga yakuda amisiri amaimasula ndi chitsulo chosongoka ndi nyundo. Magiya a njinga yanga amamangidwa ndi mphete ya mano m'kati, yofuna kiyi wakewake. Bambo amene ndinawapeza, achikulire ndithu, anayang'ana mpheteyo napukusa mutu. Nditatulutsa kakiyiko m'thumba anakatembenuza m'manja, naseka.

"Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Bweretsani kuno, bambo."

Sipanala yaikulu yogwirira kiyi anali nayo, ine ndinalibe chifukwa ndi yolemera. Pofuna kuti magiya asazungulire, anakulunga chidutswa cha tcheni chakale, nachipana ndi pulayazi. Masipoko awo anali a 28, aatali kwambiri, ndiye tinamasula imodzi mwa aja a pafelemu. Kutalika kwa sipoko kumatengera habu ndi mkombero, ndipo pa wilo limodzi lakumbuyo mbali ziwirizo zimatha kusiyana, choncho wonyamula ayeze za njinga yake yeniyeni. Atailowetsa motsata mmene zinzake zalukirana, anayamba kuwongola. Analibe makina. Anaika chala chachikulu pafelemu moyandikira mkombero, nazungulitsa wilo, ndipo pamene pakhudza chala ankakunga mbali ina n'kumasula ina, pang'onopang'ono, osapitirira kota ya kuzungulira kwa kiyi. Nthawi zina ankakhwatcha sipoko ndi chikhadabo n'kutchera khutu. Yomasuka imalira mwa besi, yokungika imalira mokweza, ndipo iwo ankafuna kuti za mbali imodzi zilire mofanana.

Asanandilole kupita anandionetsa njira ina ya tsiku limene kiyi palibe. Anatenga sipoko yaitali, nadula mutu wake, napinda nsonga kawiri kuti ikhale ngati chilembo cha Z. Yotere imakoleka m'bowo la habu popanda kuchotsa magiya, ndipo ikakungidwa siichoka. Anandipatsa imodzi yopindapinda kale, nakana kuti ndiilipire.

Dwangwa imayamba ndi nzimbe mbali zonse za msewu, minda ya fakitale ya shuga ya Illovo ndi ya alimi ang'onoang'ono. Tauni yake ndi yapiringupiringu, ndipo kuseri kwa mashopu kumamveka phokoso la owotcherera. Ndinaima pamalo ena pamene ankapanga makaliyala a kabaza ndi zitsulo zomangira nyumba, olimba moti munthu wamkulu ndi thumba lake amakhalapo bwinobwino. Pakhoma panatsamira felemu yothyoka pakhosi ikudikira moto. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ndimakondera chitsulo. Felemu yachitsulo ikang'aluka, wowotcherera wa pamsika amailumikiza, ngakhale chipsera chisakongole. Ingofunika kumuchenjeza kuti mapaipi a njinga ya magiya ndi opyapyala, achepetse moto. Ya aluminiyamu imafuna makina apadera amene sapezeka m'matauni ang'onoang'ono, ndipo ya kaboni siwotchereredwa n'komwe.

Kaliyala kawirikawiri amayamba kuvuta pa bawuti. Msewu wa mabampu umamasula timabawuti pang'onopang'ono, kamodzi kakagwa katundu yense amatsamira pa kotsalako, kenako mwendo wa kaliyala umathyoka. M'mawa uliwonse, tiyi asanapse, ndinkazungulira njinga ndi kiyi wa Allen kuyesa bawuti iliyonse, kufinya matayala ndi kugwedeza mawilo. Timabawuti ta M5 ndi M6 tapadera, kawaya kofewa, ndi mphira zodula ku chubu chakale zimalowa m'kachitini ka machesi ndi m'thumba la m'mbali. Mphirazo musanyamule zambiri, pamsika uliwonse zilipo, ndipo palibe chingwe cha m'sitolo chimene chimagwira katundu kuposa izo.

Pali tizinthu titatu timene ngakhale pa Dwangwa simungatipeze, ndipo tonse pamodzi sitidzaza chikhatho. Koyamba ndi kachitsulo kofewa kamene kamalumikiza chosinthira magiya chakumbuyo ku felemu. Anakapanga dala kuti kazipindika kapena kuthyoka njinga ikagwa, kuti felemu ipulumuke, koma mtundu uliwonse wa felemu uli ndi kake. Kachiwiri ndi kolumikizira tcheni. Tcheni la njinga yakuda ndi lonenepa, 1/8 inchi, pamene la magiya ndi 3/32 kapena lowonda kuposa apo magiya akachuluka, ndipo siziloweranamo. Kachitatu ndi mapadi a mabuleki a disiki, kwa amene ali nawo, pakuti maonekedwe ake ndi ambirimbiri. Mabuleki oyendera mafuta ndimawasirira potsetsereka, koma paipi yake ikadulidwa kumudzi palibe chochita, pamene a waya amangofuna waya wina. Chosinthira magiya chikafa ndithu, ulendo sunathe: mumachichotsa, kufupikitsa tcheni, n'kuliika pa giya limodzi lapakati, njinga n'kukhala ngati za anzathu onse a pamsewu.

Pa mtsinje wa Dwambazi mumalowa m'boma la Nkhata Bay ndi m'chigawo cha kumpoto. Moni amasanduka wa Chitonga, minda ya chinangwa imachuluka, ndipo pamalo odyera nsima imene imabwera ndi kondowole. Mapiri amasendera kufupi ndi nyanja. Msewu umadutsa Kande, kenako njira yolowera ku Bandawe, kumene mishoni ya Livingstonia inasamukira mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear isanakwere ku Khondowe mu 1894, kenako Chintheche. Kuyambira apa zitunda zimayamba kutsatana, ndipo magiya amene anali chete masiku a kuchigwa amayamba kugwira ntchito. Waya wa magiya amaduka nthawi ngati imeneyi, kawirikawiri m'kati mwa chosinthira cha pahandulo, ndipo amachenjeza kaye: magiya amachedwa kulowa, timawaya timayamba kutuluka. Waya mmodzi wa magiya ndi mmodzi wa buleki, onse aatali okwanira kumbuyo, amakwana mawilo onse awiri chifukwa wautali umadulika. Ngati palibe, kasikuluwu ka pa chosinthira chakumbuyo kamatha kumangidwa kuti tcheni likhazikike pa giya lopepukirapo.

Nkhata Bay isanafike msewu umalowa m'munda wa mitengo ya mphira wa Vizara. Mitengo yaima m'mizere, makungwa ake atachekedwa mopendekera, utomoni woyera ukutsikira m'timakapu. Anyamata amaima m'mphepete mwa msewu akudunditsa mipira yoluka ndi mphira yomweyo. Wa njinga sangadutse pamenepa osaganiza za matayala ake. John Boyd Dunlop anapanga tayala lopopa la njinga ku Belfast mu 1888, koma matayala oyambawo ankamatidwa ku mkombero, ndipo kukonza bowo limodzi kunkatenga maola. Mu 1891 abale a Michelin ku France anatulutsa tayala lochotseka, ndipo chaka chomwecho Charles Terront anapambana nalo mpikisano wa Paris–Brest–Paris wa makilomita pafupifupi 1,200. Kuyambira pamenepo munthu wamba anatha kukonza njinga yake m'mphepete mwa msewu, ndipo ntchito ya amisiri a pansi pa mango inachokera m'kusintha kumeneko. Machubu ambiri a lero ndi a mphira wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, koma kamatidwe kake sikanasinthe kwenikweni.

Kutsikira ku doko la Nkhata Bay ndi kotsetsereka, ndipo njinga yolemedwa imadya mphira za mabuleki msanga. Ndinaziyang'ana ndisanayambe kutsika. Mizere ya pamphira ikafufutika, nthawi yosintha yakwana, chifukwa chitsulo cha m'kati chikafika pa mkombero chimaupala. Potsika ndi bwino kugwira ndi kusiya, kugwira ndi kusiya, kusiyana ndi kufinya njira yonse, pakuti mkombero ukatentha kwambiri zigamba zimatha kumatuka.

Padoko, tsiku limene Ilala yafika, njinga zimakwezedwa pamodzi ndi matumba a ufa, malata ndi madengu. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Ena amasankha minibasi yokwera phiri kupita ku Mzuzu. Kulikonseko, njinga zambiri za apaulendo zimawonongekera pokwezedwa kuposa pamsewu, chifukwa wokweza amaona felemu ngati malo abwino otsamiritsirapo thumba. Ndisanapereke yanga ndinachotsa zikwama ndi pampu, ndinamasula chosinthira magiya chakumbuyo n'kuchimangirira m'kati mwa felemu ndi mphira, ndinatembenuza handulo kuti igone motsata njinga, n'kuchotsa mapedulo ndi sipanala ya 15. Pedulo lakumanzere limamasukira mbali yosiyana ndi manati ambiri, ndipo kondakitala wofuna kuthandiza auzidwe zimenezi asanaike mphamvu. Ndinapempha kuti aigoneke mbali ya tcheni ili m'mwamba, pamwamba pa katundu wina, ndipo chingwe ndinamanga ndekha.